Mmene Debian Imapezera ndi Kuthetsa Mkombero wa Kudikirana Pakati pa Maphukusi

Debian ndi gulu la anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, limene linayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, ndipo ntchito yake ndi yosonkhanitsa mapulogalamu aulere masauzande ambirimbiri n'kuwalumikiza kuti akhale dongosolo limodzi loyendetsera kompyuta. Pulogalamu iliyonse imafika kwa woigwiritsa ntchito ili m'phukusi, kutanthauza mtolo wa mafayilo wokhala ndi malangizo a kaikidwe kake komanso mndandanda wa maphukusi ena amene iyo imadalira kuti igwire ntchito. Phukusi lililonse lili ndi munthu kapena kagulu kolisamalira, ndipo chifukwa choti aliyense amayang'ana gawo lake, pamakhala mavuto ena amene saoneka mkati mwa phukusi limodzi koma amabadwira pamene maphukusi awiri kapena angapo akumana. Mkombero wa kudikirana ndi limodzi mwa mavuto oterewa, ndipo njira imene Debian imatsata poupeza ndi kuuthetsa imasonyeza bwino mmene udindo umagawidwira m'gulu limene palibe amene amalamula mnzake kugwira ntchito.

Chiyambi cha trigger

Pulogalamu imene imamasula ndi kukhazikitsa maphukusi m'kompyuta ya Debian imatchedwa dpkg, ndipo ikamaika phukusi imayendetsa timapulogalamu tating'ono timene wolisamalira analemba, kuphatikizapo kotchedwa postinst, komwe kamamalizitsa zokonza mafayilo akafika m'malo mwake. Pali ntchito zina zimene maphukusi ambiri amafuna kuti zichitike akangoikidwa, monga kukonzanso kaundula wa masamba a malangizo kapena wa mitundu ya zilembo, ndipo kale phukusi lililonse linkaitanitsa ntchitoyo palokha, moti munthu akamaika maphukusi ambiri nthawi imodzi, kaundula yemweyo ankakonzedwa mobwerezabwereza popanda phindu.

Pofuna kuthetsa kutaya nthawi kumeneku, Ian Jackson anakonza njira yotchedwa trigger, yomwe ndi chizindikiro chimene phukusi limodzi limasiyira linzake chakuti pali ntchito yoti lichite. Phukusi limene limadziwa kugwira ntchitoyo limalengeza chidwi chake ndi mawu akuti interest, pamene phukusi lofuna ntchitoyo limadzutsa chizindikirocho, kaya mwachindunji ndi mawu akuti activate kapena pongoika fayilo m'foda imene mnzakeyo akuyang'anira. Mwachitsanzo, phukusi la man-db limayang'anira foda ya /usr/share/man, choncho phukusi lililonse lobweretsa tsamba la malangizo m'fodayo limadzutsa man-db, ndipo dpkg imasonkhanitsa zizindikiro zonsezo n'kuyendetsa ntchitoyo kamodzi kokha.

Mmene mkombero umabadwira

Pulogalamu ya dpkg imalemba pamene phukusi lililonse lafika pa ulendo wake wokhazikitsidwa. Phukusi limene lili ndi ntchito ya trigger yosachitika limalembedwa kuti triggers-pending, pamene limene ladzutsa chizindikiro ndipo likudikira kuti mnzake amalize ntchitoyo limalembedwa kuti triggers-awaited. Kusiyana kwa awiriwa n'kofunika kwambiri, chifukwa phukusi lodikira silitengedwa ngati lakhazikika, ndipo maphukusi olidalira sangapitirire mpaka kudikirako kutatha.

Mkombero wa kudikirana umaoneka bwino pa man-db yemweyo, amene amadalira phukusi la groff-base kuti asanje malemba, pamene groff-base nalonso limabweretsa masamba ake a malangizo m'foda imene man-db akuyang'anira. Ngati chidwi cha man-db chili cha mtundu wodikiritsa, ndiye kuti groff-base likasinthidwa limadzutsa man-db n'kuyamba kudikira, koma man-db sangagwire ntchito yake mpaka zonse zimene amadalira zitakhazikika, ndipo groff-base lili m'gulu lomwelo. Aliyense wa awiriwa akutsata lamulo molondola, koma palibe amene angasunthe. Kudalirana kumeneku sikukhala kwachindunji nthawi zonse, pakuti phukusi loyamba likhoza kudalira lachiwiri, lachiwiri n'kudalira lachitatu, ndipo lachitatulo n'kukhala lodzutsa chizindikiro cha loyamba lija, osamalira atatuwo asakudziwa kuti ntchito zawo zalukana chotero. Palinso mkombero wa mtundu wina, pamene phukusi pogwira ntchito yake ya trigger limadzutsa linzake, nalonso pogwira yake n'kudzutsanso loyamba lija, ntchitozo n'kumangosinthana mosalekeza.

Zimene dpkg imachita m'kompyuta ya munthu

Kuti isazungulire mpaka kalekale, dpkg imagwiritsa ntchito njira yodziwika pakati pa akatswiri a makompyuta ndi dzina la kamba ndi kalulu, imene ambiri amati inachokera kwa Robert Floyd. Ikamaliza sitepe iliyonse, dpkg imalemba mndandanda wa ntchito za trigger zimene zatsala, ndipo imasunga zolozera ziwiri pa zolembedwazo, china choyenda sitepe iliyonse ndi china choyenda pang'onopang'ono. Ikaona kuti ntchito zonse zimene zinali zotsala pamene pali cholozera chochedwa zikadali zotsala pamene pafika chofulumira, imazindikira kuti khama lonselo silinapindule kanthu, motero imalengeza kuti yapeza mkombero, imatchula maphukusi amene akukhudzidwa, ndipo imasiya limodzi mwa iwo lili losamalizidwa kukonza kuti ena apitirire.

Njira imeneyi imateteza kompyuta kuti isaime kotheratu, koma sithetsa vutolo, chifukwa mwini kompyuta amatsala ndi ntchito yosinthira mapulogalamu yoduka pakati, ndipo amayenera kuimalizitsa pamanja, kawirikawiri polamula dpkg kuti ikonzenso maphukusi onse otsala. Kuwonjezera apo, mkomberowo suonekera nthawi zonse, popeza zimatengera maphukusi amene ali m'kompyutamo komanso ndondomeko imene amasulidwira, moti wosamalira phukusi akhoza kuliyesa kangapo osapeza cholakwika, pamene munthu wina kutali akukanika kusintha seva ya kuntchito kwake.

Kufufuza nkhokwe yonse

Vutoli linakula pokonzekera Debian 8, yotchedwa jessie, imene inasiya kulandira zosintha wamba mu Novembala 2014 ndipo inatulutsidwa mu Epulo 2015. Pa nthawiyo dpkg, imene ankaisamalira Guillem Jover, inali itayamba kuonetsetsa kuti zodalira za phukusi zakhazikika lisanagwire ntchito ya trigger, ndipo kukhwimitsa kumeneku, ngakhale kunali koyenera, kunavumbula mikombero imene inakhala yobisika kwa zaka, makamaka kwa anthu ochoka ku Debian 7, yotchedwa wheezy. Zinaonekeratu kuti kudikira malipoti a anthu mmodzimmodzi sikukanathandiza, choncho panafunika kufufuza nkhokwe yonse ya maphukusi nthawi imodzi.

Kufufuza kotereku kumayenda m'masitepe omveka. Choyamba wofufuza amasonkhanitsa maphukusi onse amene alengeza chidwi chodikiritsa, ndipo pa lililonse amawerengera maphukusi onse amene limadalira, mwachindunji kapena kudzera mwa ena, mpaka mzerewo utatha. Kenako amayerekeza mndandandawo ndi kaundula wotchedwa Contents, amene amasonyeza mafayilo a phukusi lililonse, kuti aone ngati pali lina mwa odaliridwawo limene limaika fayilo m'foda yoyang'aniridwayo kapena limene limadzutsa chizindikirocho ndi dzina. Likapezeka, ndiye kuti mkombero ungathe kuchitika. Zotsatira zake zimafunabe munthu wozipenda, chifukwa phukusi likhoza kulemba kuti likufuna ili kapena ilo, ndipo mkombero umene ukuoneka papepala ukhoza kudalira chisankho chimene anthu ochepa okha amachita. Komanso chizindikiro chimene chimadzutsidwa ndi lamulo la dpkg-trigger mkati mwa timapulogalamu ta wosamalira sichioneka m'mafayilo olengezera, choncho kufufuzaku kumayenda limodzi ndi mayeso enieni a kuika, kusintha ndi kuchotsa maphukusi, monga amene chida cha piuparts chimachita.

Udindo wa aliyense

Mkombero ukatsimikizika, wopeza amalemba lipoti m'kaundula wa zolakwika wa Debian, amene aliyense angathe kuwerenga pa intaneti, mogwirizana ndi lonjezo la m'pangano la gululi la mu 1997 lakuti mavuto sadzabisidwa. Lipoti lililonse limapatsidwa mlingo wa kukula kwa vutolo, ndipo milingo itatu yapamwamba, critical, grave ndi serious, imatanthauza kuti phukusilo siliyenera kutulutsidwa lili chomwecho. Udindo woyamba ndi wa wosamalira phukusilo, koma akakhala kuti sakuyankha, malamulo amalola membala wina kutumiza chokonza m'malo mwake potsata ndondomeko yotchedwa NMU. Kagulu koyang'anira za kutulutsa Debian yatsopano ndiko kamavomereza kuti chokonzacho chilowe pa nyengo imene zosintha zaimitsidwa, ndipo kali ndi mphamvu yochotsa phukusi limene silinakonzedwe. Pakabuka kusamvana pa za luso, malamulo oyendetsera gululi amapereka nkhaniyo ku komiti ya zaluso.

Chokonzacho nthawi zambiri chimakhala chaching'ono, kungosintha mawu akuti interest kukhala interest-noawait, amene dpkg inayamba kuwazindikira kuchokera pa 1.16.1, ndipo tanthauzo lake n'lakuti ntchitoyo ichitikebe koma wodzutsa chizindikiro asadikire. Umu ndi mmene man-db amachitira masiku ano, chifukwa pulogalamu imagwira ntchito bwinobwino ngakhale kaundula wa masamba a malangizo atachedwa kukonzedwa. Komabe kusinthako kumafuna kuganiza mofatsa, pakuti pali maphukusi amene sangagwiredi ntchito trigger isanachitike, ndipo kwa amenewo kudikira n'koyenera. Popeza makope akale anali kale m'makompyuta a anthu, dpkg ya mu jessie inalembanso m'malangizo ake kuti singakhale pamodzi ndi makope akale a maphukusi ena, monga man-db ndi fontconfig, n'cholinga choti apt, imene imasankha zoti ziikidwe, iyambe yawasintha. Chida chopendera maphukusi chotchedwa lintian nachonso chimachenjeza wosamalira amene walemba interest kapena activate osanena ngati akufuna kudikiritsa kapena ayi.

Wogwiritsa ntchito wamba alinso ndi gawo lake, chifukwa lipoti lokhala ndi uthenga wonse umene dpkg inalemba, mayina a maphukusi okhudzidwa ndi manambala a makope awo ndilo limathandiza osamalira kubwereza vutolo n'kulipeza msanga. Chida cha reportbug chimasonkhanitsa zambiri mwa zimenezi chokha, ndipo munthu safunika kukhala membala wa Debian kuti lipoti lake lilandiridwe ndi kuyankhidwa.