Kufufuza Mbiri ya Lamulo: Phunziro la ku Maryland

Ku America chigawo chilichonse chimapanga malamulo akeake. Pofufuza mbiri ya lamulo, timayambira pa zaka zolembedwa m'munsi mwa ndime yake. Zakazo zimatilozera ku mabilu akale, malipoti a makomiti ndi zokambirana za aphungu.

Mbiri yotere imatha kugamula mlandu. Ku Maryland, ogwira ntchito m'sitolo 7 analipitsidwa madola 5 aliyense chifukwa chogulitsa katundu tsiku la Sande. Mu 1961, pa mlandu wa McGowan v. Maryland, Khoti Lalikulu linalondola lamulolo mpaka 1649 n'kuvomereza kuti gwero lake linali chipembedzo. Komabe silinalithetse, ponena kuti aphungu analisintha kambirimbiri mpaka cholinga chake chinasanduka kupatsa anthu onse tsiku lopuma.

Choncho pofufuza tisathere pa chiyambi pokha. Tiwerenge kusintha kulikonse.