Ojambula Zomera ndi Zithunzi Zawo Zakale

Ntchito ya wojambula zomera nthawi zambiri imayambira pa duwa louma. Chimene chimafika pa tebulo lake ndi pepala lolimba pomwe anamatapo kanthambi kophwathalala, kosuluka mtundu, ndipo pangodya pali kachikalata konena malo, tsiku ndi dzina la amene anakathyola. Wojambula amatsomphola duwa limodzi mosamala n'kuliviika m'madzi otentha kwa mphindi zochepa, mpaka litafewa ndi kufufuma monga umachitira mfutso mumphika. Kenaka amaliika pansi pa galasi lokulitsa zinthu n'kulitumbula ndi singano ndi lezala. Amawerenga timasamba ta duwalo, timitu tonyamula mungu ndi tizipinda momwe mumakhala njere, ndipo chilichonse amachiyeza ndi rula. Pensulo amaigwira zonsezi zitatha.

Chithunzi chotuluka pamenepa chimasiyana ndi cha maluwa okongoletsera pabalaza. Chimajambulidwa kuti katswiri amene sanaonepo chomeracho athe kuchizindikira ndi kuchisiyanitsa ndi zina za banja lake. N'chifukwa chake pa pepala limodzi pamakhala nthambi, tsamba kumaso ndi kumsana kwake, duwa lathunthu, duwa long'ambidwa pakati, chipatso ndi njere, ngakhale kuti kutchire duwa ndi chipatso zimatalikirana miyezi ingapo. Tsamba lodyedwa ndi mbozi wojambula akhoza kulisiya, koma alibe ufulu woika minga kapena cheya pomwe palibe.

Nkhokwe yaikulu ya zithunzi zotere ili ku Royal Botanic Gardens, Kew, mu mzinda wa London, komwe amasunga zithunzi za zomera zoposa 200,000. Zina zili ku Natural History Museum mu mzinda womwewo. Pakati pa zithunzizi pali za mitengo ndi maluwa a ku Malawi, ndipo ena mwa maulendo okatola zomerazo anadutsa m'dera la Hara.

Chigwa cha Hara, kumwera kwa boma la Karonga pafupi ndi Chilumba, masiku ano chimadziwika ndi mpunga wa sikimu yothirira. Koma chigwachi chili m'tsinde mwa mapiri a Nyika, ndipo m'zaka za m'ma 1890 dera limeneli linali khomo lolowera ku mapiriwo. Richard Crawshay, amene ankaimira boma la atsamunda ku Deep Bay, komwe lero ndi Chilumba, anakwera ku Nyika n'kutumiza ku England zimene anatola kumeneko. Mu 1896 Alexander Whyte, katswiri wa zachilengedwe wa boma ku Zomba, anayenda ku Nyika ndi ku Misuku, ndipo zitsanzo zake zambiri zili ndi chikalata chonena kuti zinatoledwa pakati pa Khondowe ndi Karonga. Khondowe ndi pomwe amishoni anamanga Livingstonia mu 1894, ndipo Hara ali pakati pa malo awiriwa. John Gilbert Baker wa ku Kew anapatsa mayina asayansi zomera zambiri za ulendo umenewu mu 1897 ndi 1898. Zochuluka anangozifotokoza m'mawu a Chilatini popanda chithunzi, pakuti chithunzi chinkadya ndalama ndiponso nthawi. Whyte yemweyu ndiye anatola zitsanzo za mkungudza pa phiri la Mulanje mu 1891, zimene Alfred Rendle anazitcha Widdringtonia whytei mu 1894.

Kuti chithunzi chimodzi chifike m'buku pankadutsa manja ambiri. Pankafunika munthu wodziwa komwe mtengo umamera ndi mwezi umene umachita maluwa, wina wokwera kukathyola nthambi, wina wosintha mapepala tsiku ndi tsiku kuti zitsanzo zisachite nkhungu m'nyengo ya dzinja, ndiponso amtengatenga osenza mitoloyo mpaka kudoko. Anthu amenewa anali eni dziko, ndipo pa zikalata za nthawi imeneyo mayina awo saonekapo. Dzina lolembedwa linali la mzungu wotsogolera ulendo. Ku London kunkadikira wojambula, wokopera chithunzicho pa mwala wosindikizira, ndi wopaka utoto.

Ena mwa oyamba kujambula zomera za chigawo chino ali pamalo pomwepo anali a m'gulu la David Livingstone limene linafika pa mtsinje wa Zambezi mu 1858. Awiri mwa iwo anaona zakuda. Thomas Baines analembedwa ntchito ziwiri, yojambula ndi yosunga katundu wa ulendo. Ntchito yachiwiriyi ndi imene inamupweteka: mu 1859 Livingstone anamuchotsa pomuganizira kuti anasakaza katundu ku Tete, mlandu umene Baines anaukana mpaka imfa yake ku Durban mu 1875. Anamwalira ali wosauka, koma zojambula zake lero zimasungidwa mwaulemu ku Royal Geographical Society ndi ku Kew. John Kirk, dokotala ndi katswiri wa zomera wa ulendowo, ankajambula yekha zimene watola. Mu 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Kebrabasa, ndipo zolemba zake pamodzi ndi zojambula za mitengo ya zipatso zinapita ndi madzi. Iye anapulumuka.

Nkhani ya kombe ikusonyeza chifukwa chake boma ndi amalonda ankafuna zithunzi zolondola. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ulembe wa njere za kombe ku mivi. Kirk anazindikira kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi ulembewo m'thumba. Daniel Oliver anatcha chomerachi Strophanthus kombe mu 1871, m'mabuku a zithunzi otchedwa Icones Plantarum, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapezamo mankhwala a mtima. Njere zitayamba kugulitsidwa kunja, vuto linali lakuti mitundu ingapo ya Strophanthus ili ndi njere zofanana koma mphamvu zosiyana. Posiyanitsa mitunduyi akatswiri ankayang'ana duwa, chipatso ndi tsamba, zinthu zimene chithunzi chabwino chimaonetsa pamodzi.

M'zaka zimenezo wojambula wamkulu wa ku Kew anali Walter Hood Fitch. Anabadwira ku Glasgow mu 1817, ndipo luso lake analiphunzirira ku ntchito yojambula maluwa a pa nsalu. Katswiri wa zomera William Hooker atamupeza anamutenga, ndipo mu 1841 anasamukira naye ku Kew. Fitch anajambula zithunzi pafupifupi 10,000 zimene zinasindikizidwa, ndipo pafupifupi 2,700 mwa izo zinatuluka m'magazini ya Curtis's Botanical Magazine, imene inayamba mu 1787 ndipo ikutulukabe. Kawirikawiri ankajambula pa mwala wosindikizira mwachindunji, pomwe polakwika pamavuta kufufuta. Ku Africa sanapondeko, komabe ndiye anajambula zomera zimene James Grant anatola pa ulendo wake ndi John Speke wofufuza gwero la Nile. M'nkhani zimene analemba mu 1869 polangiza ophunzira, ananena kuti kujambula chomera chamoyo n'kukopera chabe, ndipo luso lenileni la munthu limaonekera pa chitsanzo chouma, pomwe ayenera kudziwa mmene tsamba linkaimira ndi mmene duwa linkaweramira lisanapsinjidwe.

Munthu wa luso lotereli anatha zaka zoposa makumi anayi akudalira banja la Hooker pa malipiro ake, ndipo mu 1877 anakangana ndi Joseph Hooker, mwana wa William, pa nkhani ya ndalama. Fitch anasiya ntchito. Anapitiriza kujambulira ena mwa ganyu thanzi lake likufooka, mpaka mu 1880 boma la Britain linamupatsa penshoni ya mapaundi 100 pachaka, mothandizidwa ndi Hooker yemwe uja. Anamwalira mu 1892. Magazini imene inatchuka ndi dzanja lake inangoona kufunika kwake atachoka, chifukwa panalibe wolowa m'malo. Hooker anatembenukira kwa abale ake. Mwana wake wamkazi, Harriet Thiselton-Dyer, anagwirizira kwa kanthawi, kenaka m'bale wina, Matilda Smith, anaphunzitsidwa ntchitoyo.

Smith anayamba mu 1878 ndipo anajambulira magaziniyi zithunzi zoposa 2,300. Nayenso ankadziwika ndi luso lodzutsa zitsanzo zouma ndi zothyokathyoka. Koma panatha zaka 20 asanalembedwe ngati wojambula wovomerezeka wa ku Kew mu 1898. M'nthawi yake ndi momwe munatuluka chithunzi cha Aloe cameronii, chomera cha banja la alovera chimene chimamera pa miyala ya ku Malawi. Kenneth Cameron wa kampani ya African Lakes anachitumiza ku Kew mu 1894, ndipo chinakhala zaka zisanu ndi zinayi chisanachite maluwa. Chitachita mu 1903, William Hemsley anachipatsa dzina ndipo chinajambulidwa. Choncho chithunzi chimene dzina la chomerachi linatulukira nacho ndi cha chomera chokulira m'nyumba yagalasi ya ku England. Kwathu kuno, pa dzuwa la chilimwe, masamba ake amafiira kwambiri.

Otsika kuposa onse pa malipiro anali opaka utoto. Mwala unkasindikiza mizere yakuda yokha, ndiye kope lililonse la chithunzi chilichonse linkapakidwa mitundu ndi dzanja, potsatira chitsanzo cha wojambula. Ambiri anali amayi, ndipo m'zaka zoyambirira munalinso ana. Magazini ya Curtis inapitiriza kupakitsa pamanja mpaka 1948. M'munsi mwa chithunzi munkalembedwa dzina la wojambula ndi la wokopera pa mwala, amene kwa zaka zambiri anali John Nugent Fitch, mwana wa m'bale wake wa Walter. La wopaka utoto silinkalembedwa.

M'zaka za m'ma 1900 ntchitoyi inayandikira kwathu pang'ono. Buku la Jessie Williamson la zomera zothandiza za dziko lino linatuluka mu 1955 ndipo linakonzedwanso mu 1975, chaka chomwe Audrey Moriarty anatulutsa Wild Flowers of Malawi lokhala ndi zithunzi zopaka yekha. Kuyambira 1960 kwakhala kukutuluka mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana, ndipo zithunzi zake zambiri ndi za inki yakuda yokha, chifukwa n'zotsika mtengo posindikiza komanso zimaonetsa bwino tizigawo ting'onoting'ono. Rosemary Wise wa ku yunivesite ya Oxford anajambulira buku la mitengo ya m'nkhalango zobiriwira za Malawi la mu 2001. La zomera za ku Nyika linatuluka mu 2005, kutsatira ulendo wa akatswiri a m'maiko a kumwera kwa Africa mu 2000, ndipo lili ndi mitundu yoposa 1,800, zojambula zake zambiri za Sandra Burrows. Mwa mitunduyi, yoposa 200 ndi ya banja la chikanda.

Pa ntchito yotola zomera zinthu zinasintha. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi linakhazikitsidwa mwa lamulo mu 1987, likulu lake ku Zomba ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo pa zikalata za zitsanzo pamawerengeka mayina a Amalawi monga Salubeni, Banda, Patel ndi Seyani. Pa ntchito yojambula ndi pomwe kusintha kwachedwa. Ojambula a mabuku akuluakulu amene atchulidwa apawa onse anachokera kunja, ndipo ngakhale ku Ulaya komweko ambiri a ntchitoyi amalipidwa pa chithunzi, osati pamwezi. Wophunzira amafunika zinthu ziwiri zimene masukulu amaphunzitsa padera, dzanja la waluso ndi maphunziro a sayansi ya zomera.

Kamera sinathetse ntchitoyi. Imajambula chomera chimodzi pa tsiku limodzi, ndi zilema zake ndi mithunzi yake, pomwe wojambula amaphatikiza zimene waona pa zitsanzo zingapo n'kuonetsa zokhazo zosiyanitsa mtunduwo. Mpaka lero akatswiri akafuna kulengeza mtundu watsopano wa chomera, kawirikawiri amaitanitsa chojambula cha inki.

Zithunzi zakale zija zimaopa kuwala, chinyezi ndi tizilombo, motero zimakhala m'mabokosi, m'zipinda zozizira, ndipo zimatulutsidwa mwa apo ndi apo. Kew inatsegula nyumba yoonetsera zojambula za zomera, Shirley Sherwood Gallery, mu 2008. Nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, imadziwika ndi mafupa a Malawisaurus ndi mbiri ya anthu oyambirira, osati zojambula za zomera. Kwa mwana wa sukulu wa ku Hara, njira yapafupi yoonera zithunzizi ndi intaneti. Mabuku akale a magazini ya Curtis ndi a Icones Plantarum anakoperedwa pa kompyuta, ndipo Biodiversity Heritage Library imawaonetsa kwaulere. Wofuna kupezamo chomera cha kwawo ayenera kudziwa dzina lake la Chilatini, chifukwa ndi mayina amenewo amene anasanjira zithunzizo.