Zimene Makolo ndi Ana Angachite ku Cape Maclear

Mudzi wa Chembe, umene alendo amaudziwa ndi dzina loti Cape Maclear, uli m'boma la Mangochi, mkati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Chimene chimakopa ana kwambiri ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene timaoneka bwino munthu akavala magalasi osambira nawo pafupi ndi chilumba cha Thumbi. Kumenekonso oyendetsa maboti amaponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika mwaliwiro kudzaikwatula ana akuonerera. Ulendo woterewu umayenera kuchitika m'mawa, makamaka kuyambira June mpaka August pamene mphepo ya mwera imavundula nyanja, ndipo mwana sayenera kukwera boti osavala jekete yoyandamitsa.

Ana okulirapo angaphunzire mbiri pa manda a amishonale a Livingstonia, mishoni imene idayambira pamalopa mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atavuta. M'madzi a pagombe la mudziwu mumapezekanso nkhono zofalitsa likodzo, choncho n'kofunika kuti banja likayezetse kuchipatala likabwerako.