Ilala, sitima yakale imene ikutitumikirabe

Mumzinda wa Milan, ku Italy, sitima zamagetsi zoyenda m'misewu zopangidwa cha mu 1928 zikunyamulabe anthu. Ife kuno ku Rumphi yathu ndi ya pamadzi: Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951.

Ndimaiikira kumbuyo chifukwa kwa anthu a ku Tcharo ndi midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja, kumene mapiri amatsekereza misewu, Ilala ndiyo imanyamula odwala, usipa, ufa ndi simenti. Poti kulibe doko, imaima patali, maboti ake ang'onoang'ono n'kukatenga anthu pagombe. Ikaleka kuyenda, midzi imeneyi imasowa pogwira. Ndikupempha akuluakulu: muziikonza pa nthawi yake, ndipo yodzalowa m'malo mwake ipezeke isanatheretu.