Kulemala sikuletsa munthu kukwela ndeke

Tsiku lina titatha kukolola, mayi wina wacikulile wa m'mudzi mwathu anakana tikiti ya ndeke imene mwana wake anamugulila kuti akamucezele ku Britain. Mayiyu anafa mwendo umodzi ndipo amayenda ndi ndodo. Titamufunsa cifukwa cake, anati: "Nanga pa masitepe a ndeke adzandibeleka ndani?" Ndalama zinapita pacabe, ndipo mdzukulu wake amangomuona pa foni.

Ifenso tinalakwa, cifukwa sitinadziwe comuuza. Pambuyo pake tinafunsa-funsa, ndipo zimene tinapeza tifuna kuti aliyense azimve.

Thandizo la olemala ndi okalamba pa ulendo wa pa ndeke ndi ufulu wao. Mu 2010 dziko la Zambia linavomeleza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kusala munthu cifukwa ca kulemala. Ku Ulaya kuli lamulo la mu 2006, limene Britain nayenso atsatila. Lamuloli linena kuti pa mabwalo a ndeke a kumeneko wolemala athandizidwe kwaulele, ndipo ndeke imunyamulile zipangizo ziwili zoyendela, monga njinga ya olemala, popanda kulipila. Kampani siingamukane pokhapo ngati pali ngozi yeniyeni kapena khomo la ndeke ndi locepa.

Koma safunsa anadya phula. Thandizoli lifunika kulipempha pogula tikiti, kapena kukali maola 48 ulendo usanayambe. Makampani a ndeke ali ndi zilembo zimene amalemba pa dzina la wokwela. WCHR ndi ya munthu amene akwela masitepe koma sangayende mtunda wautali. WCHS ndi ya amene sangakwele masitepe. WCHC ndi ya amene afunika kunyamulidwa mpaka pa mpando wake. BLND ndi ya osaona, DEAF ndi ya osamva. Mayi wathu uja anafunika cabe zilembo zinai, WCHS.

Kumbukilaninso kuti wopita ku London kucokela pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka amasintha ndeke panjila, monga ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai kapena Johannesburg. Mabwalo amenewa ndi akulu kwambili. Uzani wogulitsa tikiti kuti alembe thandizolo pa ndeke iliyonse, popita ndi pobwela.

Mankhwala akhale m'cikwama ca m'manja, osati m'sutikesi. Ngati njinga ndi ya batili, nenelanitu. Amene wangocoka m'cipatala, monga opita kapena obwela ku India ndi ku South Africa kukalandila thandizo, angafunsidwe kalata ya dokotala. Mukafika n'kupeza kuti njinga yathyoka, kalembetseni dandaulo musanacoke pa bwalo la ndeke.

Inu ana amene mugulila makolo matikiti muli kutali, musaiwale mbali iyi. Ife a kumudzi, tiwawelengele nkhaniyi ambuya ndi abale athu amene sangawelenge okha. Mayi uja tinamufotokozela zonsezi, ndipo wauza mwana wake kuti akapezanso ndalama, adzapita.