Njinga Yamoto Iziwoneka Usiku pa Msewu wa M1

Pa Phwezi, m'boma la Rumphi, msewu wa M1 sugona. Usiku mumadutsa malole onyamula mafuta kuchokera ku Tanzania, ndipo akabaza onyamula abale athu amayendanso momwemo.

Kagalasi kofiira ka kumbuyo kwa njinga yamoto sikayaka pakokha ayi. Ntchito yake ndi kubwezera kuwala kwa nyali za galimoto m'maso mwa dalaivala. Matope akakaphimba, kapena thumba la chimanga likakatchinga, njingayo imabisika mumdima. Tsono lole yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akakuwonerani pafupi, mabuleki sakuthandizaninso.

Inu makatekisiti amene mumabwerera mochedwa kuchokera ku miphakati, pukutani kagalasiko musananyamuke, ndipo valani chovala chonyezimira.