Ndani angathe kumva zimene mukulankhula pa lamya? Mphamvu za boma la Zambia pa intaneti

Masana a Lachinayi pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho cha pulezidenti ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo m'dziko la Zambia, anthu okhala ku Parklands mumzinda wa Kitwe anazindikira kuti mauthenga awo a pa WhatsApp sakupita. Ambiri anayamba aganiza kuti bandulo yatha, kapena kuti netiweki yangovuta monga imachitira nthawi zina. Koma pofika madzulo zinadziwika kuti vutoli silinali la Parklands yokha. Ku Ndola, ku Lusaka, ku Chipata ndi m'madera ena a dzikoli, WhatsApp, Facebook, Messenger, Instagram ndi Twitter zinali zitatsekedwa.

Bungwe la NetBlocks, lomwe limalondola kayendedwe ka intaneti m'maiko osiyanasiyana, linatsimikiza kuti kutsekaku kunachitikira pa makampani akuluakulu opereka intaneti, kuphatikizapo Zamtel, Airtel ndi MTN. Izi zinachitika patangopita masiku ochepa boma litakana mphekesera zoti likufuna kutseka intaneti pa nthawi ya chisankho.

Kuti zimenezi zitheke sipanafunike wapolisi woyenda khomo ndi khomo kulanda malamya. Panangofunika makampani ochepa chabe, chifukwa mawu onse amene munthu amalankhula kapena kulemba pa lamya amadutsa m'manja mwa makampaniwa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mphamvu za boma pa intaneti, ndipo womvetsa mfundoyi savutika kutsatira mkangano wa malamulo umene wakhalapo m'dzikoli kuyambira 2021.

Njira imene mawu anu amadutsa

Mayi wa ku Parklands akaimbira lamya mchemwali wake ku Katete, mawu ake amayamba afika pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi ndi nyumba yake. Kuchoka apo amalowa m'mawaya ndi m'makompyuta a kampani ya lamya, kenako n'kukatulukira pa nsanja ina ku Katete. Ena mwa mawaya amenewa anayalidwa ndi kampani ya ku Kitwe komweko, ya Copperbelt Energy Corporation, imene inawadutsitsa motsatira mizere yake ya magetsi opita kumigodi, ndipo mu 2011 inagwirizana ndi Liquid Telecom kuti azigulitsa intaneti.

Kampani iliyonse yotere imagwira ntchito ndi chilolezo chochokera ku bungwe la boma la ZICTA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009. Popanda chilolezocho palibe malonda. Kampani ya Zamtel ndiye ndi ya boma lenilenilo: mu 2010 gawo lake lalikulu linagulitsidwa kwa LAP Green ya ku Libya, koma boma la malemu Michael Sata linailandanso mu 2012. Choncho boma likalankhula, makampaniwa amakhala ndi zifukwa zambiri zomvera kusiyana ndi zokanira.

Chinthu china ndi simukhadi. Omvera athu akumbukira nthawi imene simukhadi inkagulidwa pamsika ngati tomato, popanda wofunsa dzina. Izi zinatha kumayambiriro kwa 2014, pamene ZICTA inazimitsa masimukhadi amene eni ake sanawalembetse ndi chitupa cha unzika kapena chiphaso china. Kuyambira pamenepo nambala iliyonse ya lamya ili ndi dzina la munthu kumbuyo kwake.

Kodi tsono kampani imadziwa chiyani za inu? Imadziwa nambala imene mwaimbira, nthawi imene mwaimbira ndi utali wa kucheza kwanu. Imadziwanso nsanja imene lamya yanu inalumikizana nayo, kutanthauza kuti ingathe kunena ngati munagona ku Parklands, munadzukira kumsika wa Chisokone, kapena munakwera basi ya ku Ndola. Ngati mumatumiza ndalama pa lamya, ili ndi kaundula wa amene munawatumizira ndi kuchuluka kwa ndalamazo. Mawu a lamya wamba ndi mauthenga a SMS satetezedwa kwa kampaniyo, ndipo pokhala ndi zipangizo zoyenera angathe kumvedwa kapena kuwerengedwa.

WhatsApp ndi yosiyana pang'ono. Kuyambira 2016 mauthenga ake amamangidwa mwa njira yoti amamasulidwa ndi lamya ya wotumiza ndi ya wolandira zokha, moti kampani ya netiweki imaona kuti mukugwiritsa ntchito WhatsApp koma siona zimene mwalemba. Komabe izi sizithandiza ngati lamyayo yalandidwa n'kutsegulidwa, kapena ngati m'gulu lanu la WhatsApp muli wina wojambula zokambirana n'kukazipereka kwina. Ndipo monga zinaonekera mu 2021, chimene kampani singathe kuwerenga ingathe kuchitseka.

Si nkhani yatsopano

Dziko la Zambia linali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa mokwanira ku intaneti, kudzera ku Zamnet imene inabadwira pa yunivesite ya UNZA mu 1994. Sipanapite zaka ziwiri boma lisanayese mphamvu zake pa chinthu chatsopanochi. Mu Febuluwale 1996, pa ulamuliro wa malemu Frederick Chiluba, boma linaletsa kope la nambala 401 la nyuzipepala ya The Post, limene linaulula mapulani a boma okhudza kusintha malamulo aakulu a dziko. Akonzi ake, a Fred M'membe, a Bright Mwape ndi a Masautso Phiri, anamangidwa, ndipo Zamnet inachotsa kopelo pa intaneti. Koma wowerenga wina wa kunja anali atalikopera kale, ndipo analiikanso pa kompyuta ya ku United States kumene apolisi a Zambia sakanafika.

Mu 2013 anthu a m'dzikoli anakhala nthawi osatha kutsegula nkhani za Zambian Watchdog, yomwe inkadzudzula boma la Patriotic Front.

Nkhani imene inadzidzimutsa ambiri inatuluka mu Ogasiti 2019. Nyuzipepala ya ku America ya Wall Street Journal inalemba kuti akatswiri ogwira ntchito ku kampani ya ku China ya Huawei anathandiza akuluakulu a boma la Zambia kulondola anthu olemba nkhani zodzudzula boma pa Facebook, mpaka kuwapeza ku Solwezi kumene apolisi anawagwira. Huawei inakana nkhaniyi, boma la Zambia nalo linaikana. Chaka chotsatira, mu Disembala 2020, ofufuza a Citizen Lab a pa yunivesite ya Toronto anatchula Zambia pakati pa maiko 25 amene ankaoneka kuti ndi makasitomala a kampani ya Circles, yogulitsa zipangizo zolondolera malamya podutsira m'mipata ya netiweki, mwini lamya osadziwa kanthu.

Lamulo la 2021 ndi mlandu wa kutseka intaneti

Mu Malichi 2021, kutatsala miyezi 5 kuti chisankho chichitike, malemu Edgar Lungu anasainira lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act. Lamuloli linalamula makampani a lamya ndi intaneti kukhala ndi zipangizo zotheketsa boma kumvetsera ndi kujambula zokambirana, ndipo linakhazikitsa malo amodzi oyendetserako ntchitoyo, otchedwa Central Monitoring and Coordination Centre. Wapolisi ankayenera kupempha chilolezo kwa woweruza, koma pempholo linkamvedwa mwini lamya palibe, ndipo pa nkhani zimene zaonedwa kuti zingaike moyo wa munthu pachiswe kumvetsera kunkatha kuyamba chilolezo chisanaperekedwe.

Mabungwe omenyera ufulu, monga Chapter One Foundation ndi Bloggers of Zambia, anatengera lamuloli kukhoti. Mfundo yawo inali yoti malamulo aakulu a dziko, m'ndime 17 ndi 20, amateteza chinsinsi cha munthu ndiponso ufulu wake wolemberana ndi ena popanda wolowerera. A Hakainde Hichilema, amene panthawiyo ankatsogolera chipani chotsutsa cha UPND, ananena kuti lamuloli ndi loipa ndipo analonjeza kuti akalowa m'boma adzalichotsa.

Kenako linafika tsiku lija la 12 Ogasiti. Achinyamata ambiri anapeza njira yozembera pogwiritsa ntchito VPN, pulogalamu imene imadutsitsa mauthenga kudziko lina kuti kampani ya netiweki isaone kumene akupita. Koma agogo amene anangophunzitsidwa ndi mdzukulu wawo kudina chithunzi chobiriwira cha WhatsApp analibe njira yotere, nawonso amalonda amene amalandira maoda pa lamya anataya makasitomala.

Tsiku lotsatira, Chapter One Foundation inasumira ZICTA ku khoti lalikulu ku Lusaka, ndipo khotilo linalamula kuti intaneti itsegulidwe. A Hichilema anapambana chisankhocho, ndipo chigawo cha Copperbelt, chimene kwa zaka zambiri chinkavotera Patriotic Front, chinali m'gulu la zigawo zimene zinawapatsa mavoti ochuluka. Mlanduwo unatha mu Malichi 2022 ndi mgwirizano wovomerezedwa ndi khoti: ZICTA inavomera kuti sidzachita chilichonse chosokoneza intaneti kunja kwa mphamvu zimene lamulo likuipatsa, ndiponso kuti intaneti ikasokonekera idzauza anthu chifukwa chake pasanathe maola 36.

Boma latsopano, malamulo atsopano

Boma la UPND linachotsadi malamulo ena amene ankaopseza olankhula. Mu Disembala 2022 linachotsa mlandu wonyoza pulezidenti, umene anthu ambiri anamangidwa nawo chifukwa cha zolemba za pa Facebook, kuphatikizapo mnyamata wa zaka 15 wa ku Kapiri Mposhi mu 2020. Mu Disembala 2023 linakhazikitsa lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga kumaofesi a boma, limene linali litalonjezedwa kwa zaka zoposa 20.

Lamulo la 2021 nalo linachotsedwa, koma m'malo mwake munabwera awiri. Pa 8 Epulo 2025 a Hichilema anasainira Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Mphamvu zomvetsera zokambirana za anthu zinatsalamo, udindo wa makampani wokhala ndi zipangizo zothandizira ntchitoyo unatsalanso, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe latsopano la Zambia Cyber Security Agency, lomwe lamulo linaliika pansi pa ofesi ya pulezidenti.

Patangopita masiku ochepa, ofesi ya kazembe wa United States ku Lusaka inachenjeza nzika zake kuti lamulo latsopanoli likupereka mphamvu zazikulu zowunika malamya, makalata a pa intaneti ndi mauthenga ena. Unduna wa zakunja wa Zambia unayankha kuti cholinga cha lamuloli si kulowerera chinsinsi cha munthu, ndipo kumvetsera kulikonse kumafuna chilolezo cha khoti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia linadzudzula malamulo onse awiri, linati ndime zina zikuphwanya ufulu wolankhula ndi wa atolankhani, ndipo linalengeza kuti nkhaniyi liitengera kukhoti.

Mbali ya boma si yopanda mfundo, ndipo kungakhale kusachita chilungamo kuikankhira pambali. Ndani mwa omvera athu amene sanalandirepo uthenga wa munthu wosamudziwa wonena kuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi? Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission ndi apolisi anathyola ofesi ya kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mumzinda wa Lusaka, n'kumanga anthu 77 ndi kupeza masimukhadi oposa 13,000. Achinyamata a ku Zambia ankalembedwa ntchito kumeneko kuti azinyenga anthu a m'maiko osiyanasiyana pa WhatsApp ndi Telegram. Mu Juni chaka chomwecho khoti linagamula anthu oposa 20 ochokera kunja, ambiri mwa iwo a ku China, kuti akakhale kundende zaka zapakati pa 7 ndi 11. Akuba otere sagwidwa ndi wapolisi wonyamula ndodo, ndipo boma lopanda njira yowalondolera lingakhale litasiya anthu ake pamtetete.

Chovuta nchakuti chipangizo cholondolera wakuba ndi chomwecho chimene chingalondole mtolankhani, wansembe wodzudzula boma pa guwa, kapena mtsogoleri wa ogwira ntchito kumigodi amene akukonza sitalaka. Chipangizocho sichisankha, wosankha ndi amene wachigwira. Ichi ndicho chifukwa chake odzudzula akhazikika kwambiri pa funso la amene bungwe latsopanoli limayankha kwa iye. Pamene bungwe lili pansi pa ofesi ya pulezidenti, mphamvu zake zimakhala m'manja mwa aliyense amene adzakhale pa mpandowo, kaya ndi amene munamuvotera kaya ayi. A Patriotic Front amene anaombera m'manja lamulo la 2021 anadzapezeka kumbali yotsutsa chaka chomwecho lamulolo lidakali kugwira ntchito.

Chitetezo chimene munthu wamba ali nacho chagona pa woweruza amene amalandira pempho lomvetsera lamya. Pempholo limamvedwa mwini lamya palibe, pa chifukwa chomveka, pakuti wakuba wouzidwiratu angathawe. Koma zikutanthauzanso kuti palibe womuyankhulira munthuyo m'chipindamo kupatula woweruza yekhayo. Palinso lamulo la Data Protection Act la 2021, lomwe limapatsa munthu ufulu wofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza iye ndi kudandaula kwa komishinala woona za nkhaniyi ngati zagwiritsidwa ntchito molakwika, ngakhale kuti lamuloli limapereka mpata wapadera pa nkhani za chitetezo cha dziko ndi kufufuza milandu.

Pa za kutseka intaneti, chimene anthu a ku Parklands ndi kwina konse angaloze ndi mgwirizano uja wa mu Malichi 2022 ndi lonjezo lake la maola 36. Amene anausainira ndi ZICTA, pomwe ntchito za chitetezo cha pa intaneti zimene ZICTA inkagwira pansi pa lamulo la 2021, lamulo la 2025 linazisamutsira ku bungwe latsopano lija.